Dalaivala Ali ndi Chiphaso, Nanga Womutuma?

Ngozi ya pamsewu ikachitika m'dziko muno, mlandu suchedwa kupeza mwini wake. Anthu asanathe n'komwe kutola ovulala, chala chimakhala chitaloza kale dalaivala. Ena amati amathamanga, ena amati adaledzera, enanso amati amasinza. Madzulo ake wailesi imalengeza kuti galimoto idaduka mabuleki kapena idaphulika tayala, ndipo apolisi amapempha madalaivala onse kuti azitsata malamulo a pamsewu. Maliro akaikidwa, nkhani imathera pomwepo. Komatu pali munthu wina amene dzina lake silimveka pa wailesi, ndipo pamalo a ngozi saonekapo. Ameneyu ndiye adapereka makiyi m'mawa wa tsikulo. Ndiye adaona kuti tayala latha, koma n'kunena kuti liyambe layenda sabata ino. Ndiyenso adauza dalaivala kuchuluka kwa ndalama zimene ayenera kubwera nazo dzuwa likamalowa. Munthu ameneyu ndi mwini galimoto, kapena kapitawo amene mwiniyo adamuika kuti aziyang'anira magalimoto ake.

Mfundo yanga m'chimangirizo chino ndi imodzi. Aliyense amene amayang'anira magalimoto onyamula anthu kapena katundu ayenera kuphunzira ntchitoyo, kulemba mayeso, ndi kulandira chiphaso chimene boma lingathe kumulanda akapezeka kuti akuseweretsa miyoyo ya anthu. Tonse timadziwa kuti mphika umakhazikika pa mafuwa atatu. Pamsewu mafuwawo ndi dalaivala, galimoto, ndi woyang'anira. Ife takhala tikusema ndi kukonza mafuwa awiri oyambawo, lachitatu n'kulisiya, kenaka n'kumadabwa kuti mphika ukugwera pamoto chaka ndi chaka.

Kuti mfundoyi imveke bwino, tiyeni tiime m'mbali mwa msewu wa M1 kudera la Nancholi, kum'mwera chakumadzulo kwa mzinda wa Blantyre. Ambiri amangoutchula kuti msewu wa ku Chikwawa. Ukachoka m'tauni umadzera ku Nancholi ndi ku Mpemba, kenaka umayamba kutsetsereka m'mapiri mokhotakhota mpaka kukafika pa Thabwa, n'kukawoloka mtsinje wa Shire pa mlatho wa Kamuzu. Pamsewu umenewu pamadutsa malole a shuga ochokera ku Nchalo, magalimoto onyamula ng'ombe za kuchigwa, mabasi a ku Nsanje, ndi maminibasi osawerengeka opita ndi kuchokera m'tauni. Pamsewu womwewu ndi pamene ana a sukulu amawoloka m'mawa uliwonse, amayi amayala malonda awo m'mbali, ndipo anyamata a kabaza amadikira owakweza. Anthu onsewa moyo wawo uli m'manja mwa munthu amene sadamuonepo, amene adaganiza dzulo lake kuti galimoto yakutiyakuti ituluke kapena isatuluke.

Taganizirani za chitsetserekocho. Mabuleki amagwira pokhulana ndi chitsulo chimene chimazungulira pamodzi ndi tayala, ndipo kukhulanako kumatulutsa kutentha kwambiri. Galimoto yolemera ikamatsika phiri lalitali, dalaivala n'kumangoponda mabuleki, zitsulo zija zimatentha mpaka mabuleki amaleka kugwira. N'chifukwa chake wodziwa ntchito amatsika phiri ndi giya yaing'ono kuti injini izithandiza kubweza galimoto. Katundu akapyola muyeso, kutentha kuja kumafika msanga. Mabuleki akakhala otha kale, kumafika msanga koposa. Tsono tifunse: ndani adalola kuti lole ipachikidwe katundu wopyola muyeso? Ndani adazengereza kugula zitsulo zatsopano? Ndani adatuma mnyamata amene sadatsikepo phiri limenelo ndi galimoto yaikulu? Ngozi imene imaonekera pa Thabwa kawirikawiri imakhala itabadwira pabwalo loimikapo magalimoto m'tauni, masiku angapo m'mbuyomo.

Nawo maminibasi nkhani yake ndi yomweyo. Eni ambiri amauza dalaivala kuti tsiku lililonse azibwera ndi ndalama yakutiyakuti, imene anthu a ntchitoyi amaitchula kuti tageti. Mafuta atuluke m'ndalama za tsikulo, ya bwana ikwane, ndipo zotsalazo ndizo dalaivala ndi kondakitala aonerepo ya ndiwo. Munthu amene wapatsidwa lamulo lotere sasowanso womuuza kuti athamange. Adzathamanga kuti akafike pasiteji mnzake asanatole anthu. Adzapanikiza anthu anayi pampando umene boma lidalamula kuti pazikhala atatu. Adzaima paliponse, ngakhale pokhota. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika, koma mwambiwu sumveka m'khutu la munthu amene akudziwa kuti tageti ikapanda kukwana, mawa makiyi apatsidwa wina.

Tisaiwale kuti liwiro lili ndi masamu ake amene sasintha. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto imayenda kuchokera pamene mabuleki agwira kufikira pamene yaima umawirikiza kanayi. Nako kutopa kuli ndi masamu ake. Mu 1997 akatswiri awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, adaonetsa kuti munthu amene wakhala maola 17 osagona amachita zinthu mofooka ngati munthu amene walawa mowa. Dalaivala wa minibasi amene wadzuka 4 koloko m'bandakucha n'kumagwirabe chiwongolero 9 koloko usiku wakwanitsa maola 17 amenewo. Ngakhale asadalawe dontho la mowa, maso ake ndi manja ake sizikumumveranso bwino. Amene adakonza ntchito yotereyi si dalaivalayo ayi.

Sindikunena kuti dziko lathu lilibe malamulo. Mu 1978 boma lidakhazikitsa bungwe la National Road Safety Council kuti liziphunzitsa anthu za chitetezo cha pamsewu, ndipo pambuyo pake bungweli lidaphatikizidwa ndi nthambi yoona za magalimoto, imene ambiri amangoitchula kuti Road Traffic. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la pamsewu lotchedwa Road Traffic Act. Dalaivala amayenera kupambana mayeso kuti alandire laisensi, ndipo wonyamula anthu kapena katundu wa malonda amafunikanso chilolezo chapadera chotchedwa PrDP. Galimoto imayenera kuyesedwa kuti ilandire chiphaso cha COF, komanso kukhala ndi inshuwalansi. Zonsezi n'zabwino. Koma munthu amene wapeza ndalama lero, kaya wagulitsa fodya, kaya walandira za penshoni, angathe kugula minibasi, kulipira mapepala ofunika, n'kukhala bwana wa miyoyo ya anthu popanda womukhazika pansi n'kumufunsa ngati akudziwa kusiyanitsa tayala labwino ndi lakutha.

Wina anganene kuti COF ndi yokwanira. Koma COF imangochitira umboni za tsiku limodzi, tsiku limene galimotoyo idaonedwa ndi woyesa. Kuchokera tsiku limenelo galimoto imayenda miyezi yambiri, kugunda maenje, kukwera mapiri, kusenza katundu, isanabwererenso kukayesedwa. Nawo apolisi a pamsewu sangathe kugwada pansi pa galimoto iliyonse imene yafika pachipata chawo. Munthu yekhayo amene amaiona galimoto m'mawa uliwonse isanatuluke ndi madzulo alionse ikabwerako ndi woyang'anira. Ngati munthu ameneyo sadziwa choyang'ana, kapena akudziwa koma palibe chimene chingamuchitikire akanyalanyaza, ndiye kuti masiku onse a pakatiwo galimoto ilibe mlonda.

Kukula kwa vutoli kusatiphonye. Lipoti la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO la mu 2023 lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni adafa pa ngozi za pamsewu m'chaka cha 2021, ndipo ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka za pakati pa 5 ndi 29 kuposa matenda ena alionse. Chigawo cha Africa ndicho chidali patsogolo pa chiwerengero cha imfazi poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chonsecho magalimoto ake ndi ochepa zedi poyerekeza ndi a zigawo zina. Lipoti la bungwe lomweli la mu 2018 lidayerekeza kuti m'Malawi anthu 31 mwa anthu 100,000 alionse amafa pamsewu pachaka. Mu 2020 mayiko a m'bungwe la United Nations adagwirizana kuti pofika 2030 imfa za pamsewu zikhale zitatsika ndi theka. Lonjezo limeneli silingakwaniritsidwe ndi zikwangwani za m'mbali mwa msewu zokha. Amene adapitako ku chipatala cha Queen Elizabeth kukaona wodwala m'chipinda cha othyoka mafupa akudziwa kuti kuseri kwa manambalawa kuli ana amasiye, ndi abambo amene sadzagwiranso khasu.

Mbiri ya mabasi m'dziko muno ili ndi phunziro. Kale anthu ambiri ankayenda pa mabasi a kampani ya United Transport Malawi, imene mu 1989 idalowa m'manja mwa kampani ya ku Scotland yotchedwa Stagecoach. Kampaniyi itachoka mu 1997, mabasiwo adatchedwa Shire Bus Lines, mpaka nayonso idatsekedwa. Sindikufuna kunena kuti masiku amenewo zonse zidali bwino, pakuti mabasi adali ochepa ndipo anthu ankagona pa depoti ya Wenela kudikira ulendo. Komabe makampani amenewa adali ndi magalaja awo, amakaniko awo, ndandanda ya nthawi yonyamukira, ndi oyendera amene ankakwera basi modzidzimutsa kuti aone ngati zonse zili m'malo. Dalaivala ankalandira malipiro a pamwezi, ndipo padali munthu amene ntchito yake idali yonena kuti basi iyi lero siyenda. Maminibasi atachuluka m'zaka za m'ma 1990, maulendo adaphweka ndipo Amalawi ambiri adapeza bizinesi. Chimene chidatayika panjira ndi munthu uja wonena kuti lero siyenda. Galimoto zidachuluka, oyang'anira odziwa ntchito osachuluka nawo.

Chodabwitsa n'chakuti pa ntchito zina zokhudza moyo wa munthu sitichita chibwana chotere. Namwino sagwira jekeseni asanalembetsedwe ndi bungwe la anamwino ndi azamba. Dokotala sapima wodwala popanda chilolezo cha bungwe la madokotala. Loya sayima m'khoti popanda chiphaso, ndipo wowerengera chuma cha kampani ali ndi bungwe limene lingamuchotse m'kaundula akachita zachinyengo. Namwino akalakwitsa, kawirikawiri wovulala amakhala mmodzi. Woyang'anira basi akalakwitsa, mudzi wathunthu ungakhale pamaliro tsiku limodzi. Nanga n'chifukwa chiyani amene amasunga ndalama timamuyesa mayeso, koma amene amatumiza anthu 60 kukatsika phiri sitimufunsa kanthu?

Maganizo amenewa si maloto, pakuti mayiko ena adayamba kale kuwatsata. Ku Britain lamulo la mu 1968 lidakhazikitsa ziphaso za eni magalimoto onyamula katundu, zimene zimaperekedwa poona ngati mwiniyo angathe kusamala magalimoto ake. Mu 2009 mayiko a m'bungwe la European Union adagwirizana lamulo loti kampani iliyonse yonyamula anthu kapena katundu pa malonda ikhale ndi woyang'anira magalimoto wodziwika ndi dzina, wa mbiri yabwino, amene adapambana mayeso olemba n'kulandira chiphaso chotchedwa Certificate of Professional Competence. Kampani ikamaphwanya malamulo mobwerezabwereza, woyang'anirayo angathe kuletsedwa kugwira ntchitoyo. Lamulo lina la mayiko omwewo la mu 2006 limati dalaivala wa galimoto yaikulu asapyole maola 9 akuyendetsa patsiku, kupatula masiku awiri pasabata pamene angafike maola 10, ndiponso kuti akayendetsa maola anayi ndi theka apume mphindi 45. M'galimotomo mumakhala kachipangizo kolemba maola ndi liwiro, ndipo woyang'anira nayenso amayankha mlandu wa zimene kalemba. Kuno kwathu kum'mwera kwa Africa, dziko la South Africa lili ndi dongosolo lotchedwa RTMS, limene makampani amalowa mwa kufuna kwawo n'kumayenderedwa pa nkhani za kulemera kwa katundu, kasamalidwe ka magalimoto ndi umoyo wa madalaivala. Mu 2012 padatulukanso muyeso wa padziko lonse wotchedwa ISO 39001, wofotokoza mmene bungwe lingayendetsere chitetezo cha pamsewu. Safunsa adadya phula. Njira ilipo kale, chatsala n'kuisinthira m'mene ingatikomere ife.

Kodi woyang'anira wotereyu aphunzire chiyani? Choyamba, adziwe malamulo a pamsewu, osati a dalaivala okha, komanso udindo umene lamulo limaika pa mwini galimoto. Chachiwiri, aidziwe galimoto. Sayenera kukhala makaniko, koma azitha kuona mabuleki, matayala, nyali ndi chiwongolero, ndi kukonza ndandanda yoti galimoto iliyonse izipita kugalaja isanawonongeke. Chachitatu, alidziwe thupi la munthu: mmene tulo, mowa, chamba, matenda a shuga ndi kufooka kwa maso zimasokonezera kayendetsedwe, kuti azigawa maola a ntchito mwanzeru. Chachinayi, adziwe za katundu, kulemera kwake, kamangidwe kake, ndi kuopsa kwa zinthu monga mafuta ndi mankhwala. Chachisanu, adziwe kusunga mabuku. Tayala lililonse losinthidwa, dandaulo lililonse la dalaivala, ndi ulendo uliwonse zilembedwe, chifukwa chimene sichidalembedwe chimakanidwa mosavuta tsiku la mlandu. Potsiriza, adziwe chochita ngozi ikachitika: kuthandiza ovulala, kudziwitsa oyenera, ndi kufufuza gwero lake kuti isadzachitikenso.

Kufunika kodziwa kumene galimoto ili ndi chimene ikuchita kudaoneka poyera pa 17 November 2016 m'mudzi wa Caphiridzange, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Thanki ya petulo imene inkachokera ku doko la Beira kubwera kuno ku Malawi idaphulika, ndipo anthu oposa 70 adafa, ambiri mwa iwo anthu a m'mudzi amene adakhamukira kukatunga mafuta. Malipoti a nthawiyo adati thankiyo idali itapatutsidwa pamsewu waukulu kuti mafuta ena agulitsidwe mwachinyengo. Masiku ano kuli zipangizo zotha kuonetsa pa kompyuta kapena pa foni pamene galimoto ili ndi liwiro limene ikuyenda. Koma chipangizo sichiimba foni chokha kufunsa dalaivala chifukwa chimene wapatukira. Pamafunika munthu wophunzira amene ntchito yake ndi yomweyo.

Tsopano timve zimene otsutsa anganene. Gulu loyamba ndi la amene amati ngozi ndi ngozi, tsiku likakwana lakwana. Mawu amenewa amatonthoza pasiwa, koma akalowa m'galaja amapha. Munthu yemweyo amene amati imfa ilibe kothawira amatseka chitseko usiku, amagona m'masikito, ndipo mwana akadwala amathamangira naye kuchipatala. Tayala limene lafika poonetsa mawaya silidatumidwe ndi mfiti. Kuika pa Mulungu mlandu wa mabuleki amene ife tidakana kukonza ndi mwano, osati chikhulupiriro.

Gulu lachiwiri limati luso limaposa pepala, ndipo alipo anthu amene ayendetsa bizinesi ya magalimoto zaka 20 popanda kulowa m'kalasi. Ndi zoona kuti luso ndi chuma, ndipo anthu otere ndiwo ayenera kukhala oyamba kufunsidwa nzeru pokonza maphunzirowa. Komatu pamsewu luso limaphunziridwa ndi magazi a anthu ena. Munthu angathe kutumiza galimoto yodzaza mopyola muyeso kambirimbiri osaona vuto, n'kuyamba kukhulupirira kuti palibe choopsa, mpaka tsiku limodzi lokha. Wodziwadi ntchito sangaope mayeso, pakuti adzangopambana. Amene akuopa mayeso ndiye amene tikumufunayo.

Gulu lachitatu lili ndi mfundo yolemera kuposa onse. Likuti mwini minibasi imodzi wa ku Nancholi, Ndirande kapena Bangwe, amene akulimbana ndi kukwera mtengo kwa mafuta ndi zitsulo, sangathe kulemba ntchito manijala. Izi n'zomveka, koma yankho lilipo. Mwiniyo angathe kuphunzira yekha n'kukhala woyang'anira galimoto yake. Ngati sangathe, eni angapo a pasiteji imodzi asonkherane n'kulemba munthu mmodzi, pajatu mutu umodzi susenza denga. Ngakhale lamulo la ku Ulaya lija limalola woyang'anira mmodzi kutumikira makampani ang'onoang'ono okwana anayi, bola magalimoto onse pamodzi asapyole 50. Bungwe la eni maminibasi la Minibus Owners Association of Malawi, ndi la eni malole la Road Transport Operators Association, angathe kutsogolera dongosolo lotere. Ndipo tikanena za ndalama, tiwerengere zonse. Matayala anayi ali ndi mtengo wake, koma minibasi yophwanyika, ngongole yotsala, milandu ndi chipepeso zili ndi mtengo woposa. Galimoto yosamalidwa imamwa mafuta ochepa ndipo imakhalitsa. Wokana kulipira maphunziro amadzalipira bokosi la maliro.

Gulu lachinayi limaseka n'kunena kuti chiphasochi chidzangokhala pepala linanso logula ndi chiphuphu. Nkhawa imeneyi sitingaikane, chifukwa katangale ndi matenda amene dziko lathu likulimbana nawo. Koma sitidatseke sukulu chifukwa choti ena amabera mayeso. Chofunika n'kumanga chiphasocho mwanjira yoti chogula chisapindule. Ophunzitsa akhale ena, oyesa mayeso akhale ena. Dzina la woyang'anira ndi nambala ya chiphaso chake zilembedwe m'kaundula wa pa kompyuta wa nthambi ya Road Traffic, pamodzi ndi magalimoto onse amene iye akuwayang'anira, ndiponso zimatidwe m'galimoto pamene wokwera aliyense angathe kuwerenga. Galimoto ikagwidwa ndi matayala akutha, mlandu uzilembedwa pa dzina lake. Milandu ikachuluka, kapena pakachitika ngozi yoonetsa kunyalanyaza, chiphaso chilandidwe. Chiphasocho chizikhalanso ndi zaka zake, zikatha mwini wake azikaphunziranso. Munthu amene dzina lake lili pakhoma la basi adzaganiza kawiri asanagule pepala la ntchito imene saidziwa.

Patsala funso limodzi: nanga woyang'anira akakana kutulutsa galimoto, bwana n'kumuchotsa ntchito? Apa ndi pamene lamulo liyenera kuluma. Chilolezo cha kampani chonyamulira anthu kapena katundu chizidalira kukhalapo kwa woyang'anira wa chiphaso. Akachoka, kampani ipeze wina m'nthawi yoikika, apo ayi magalimoto aime. Wochotsedwa chifukwa chokana kuphwanya lamulo akhale ndi kokadandaula. Zikatero mawu ake adzakhala ndi mphamvu, ndipo nayenso dalaivala adzapeza pothawira. Lero dalaivala akanena kuti mabuleki sali bwino amayankhidwa kuti ofuna ntchito ndi ambiri panja. Mawa adzakhala ndi munthu amene chiphaso chake chili pachiswe ngati dandaulolo silimveka.

Oti aphunzitse anthu amenewa tili nawo kale. Mu mzinda wa Blantyre womwewu muli yunivesite ya MUBAS, imene kufikira 2021 inkatchedwa Polytechnic, ndipo yakhala ikusula mainjiniya kwa zaka zambiri. Muli sukulu ya ntchito zamanja ya Soche Technical College. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi luso lokonza maphunziro a ntchito ndi kuyesa anthu amene adaphunzira ntchito pogwira. Maphunzirowa akhale a magawo: lalifupi la mwini minibasi imodzi kapena ziwiri, ndi lalitali la woyang'anira mabasi ndi malole odutsa malire a dziko. Gawo loyambalo liphunzitsidwe m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'zinenero zina za kuno, madzulo kapena Loweruka, kuti Chingerezi chisakhale mpanda wotsekereza anthu anzeru amene sadapite patali ndi sukulu.

Kwa inu anyamata ndi atsikana amene mukuyandikira mayeso a Fomu 4, nkhaniyi ikukukhudzani pawiri. Poyamba, ngozi za pamsewu ndizo zimapha kwambiri anthu a msinkhu wanu, monga taonera m'malipoti aja. Kachiwiri, ntchito imene ndikunenayi ikudikira inu. Malawi ndi dziko lopanda doko la panyanja yamchere, ndipo mafuta, feteleza, mankhwala ndi katundu wina wochuluka amafika kuno pa matayala, kudzera ku Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe. Dziko lotere likufunika anthu odziwa kuyang'anira magalimoto monga m'mene likufunira aphunzitsi ndi anamwino. Ena mwa inu mudzalandira minibasi ya makolo, ena mudzakhala aphungu a Nyumba ya Malamulo, enanso atolankhani. Kulikonse kumene mudzakhale, ngozi ikadzachitika musadzakhutire ndi yankho lakuti mabuleki adaduka. Mudzafunse kuti adawaona komaliza ndani, liti, ndipo adalemba pati.

Dalaivala wolakwa alangidwe ndithu, pakuti chiwongolero chidali m'manja mwake. Koma chilungamo chimene chimagwira wotumidwa n'kusiya womutuma ndi chilungamo chopunduka. Pepani sapoletsa chilonda, ndipo thumba la ufa loperekedwa pamaliro silibweza mayi wa ana. Boma likonze lamulo, sukulu zikonze maphunziro, eni magalimoto alowe m'kalasi, ndipo ife okwera tiyambe kufunsa dzina la munthu amene walola kuti galimoto imene takwerayo ituluke. Fuwa lachitatu likaikidwa m'malo mwake, mphika udzakhazikika, ndipo mwana wa ku Nancholi wowoloka msewu wa ku Chikwawa popita kusukulu adzabwerako madzulo.